Nambala 14 Sakuyankha

"Amayi!"

Darla anali atatembenuza mbale, akufufuza kunsi kwake dzina la mwiniwake. Mbale khumi ndi zisanu zinali zitalowa m'nyumba muno chimwalirireni mwamuna wake Merle, ndipo zonse zinali za mbatatesi ndi nyama yogaya, ngati kuti anthu a m'tauni muno mwa Halvor anachita kupangana kuti umasiye umapola ndi mbatatesi.

"Ndili kuno!" anakuwa.

Anapukuta mbale ija, nanyamula ina.

"Amayi!"

"Ndati ndili kuno, iwe Nola! Ukufuna chiyani?"

"Palibe."

Arlene, mchemwali wake wa Merle, anasiya kupukuta tebulo. Anabwera kuchokera ku mzinda wa Bismarck kudzalira maliro, ndipo sabata yathunthu inali itatha akusesa malo osesedwa kale.

"Kameneko ndi kakhumi ndi kawiri chidzukireni," anatero. "Ndikuwerenga."

"Wakulembani ntchito yowerengayo ndani, alamu?"

"Musandilumire ine. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, wamkulu chonchi, kumaima pakhomo la bafa mayi ake akusamba? Kusukulu akukana, akuti m'mimba. Chakudya akungotokosa. Zala mwaziona? Waluma zikhadabo mpaka magazi. Mchimwene wanga anamulekerera mwana ameneyu, Mulungu amukhululukire. M'mera m'poyamba, alamu."

Zala zimenezo Darla anali ataziona. M'mimba mwa Nola simunayambe dzulo ayi. Kuyambira ali wamng'ono ankati likafika Lolemba m'mimba, mphepo ikaomba m'mimba, basi ya sukulu ikachedwa misozi. Amene ankadziwa kumunyengerera anali bambo ake. Darla analibe nthawi ya zimenezo. Ankadzuka kusanache kukaphikira nkhalamba makumi anayi kunyumba yosungira okalamba, ndipo Lolemba likubweralo ankayenera kubwerera kumeneko.

"Ndipatseni ndipite naye mawa," Arlene anatero motsitsa mawu. "Akakhale kwathu mpaka Khirisimasi. Kuli azisuweni ake, kuli sukulu yabwino. Akaiwala. Inu mupite ku ntchito mtima uli m'malo. Apo ayi, Lolemba adzakukakamirani pa mwendo ngati nkhupakupa, muona."

"Ndiganiza."

"Ndipo lekani kumuyankha. Mukumuzoloweza ndinu. Aitane, aitane, atope."

Arlene anatsegula dilowa, natulutsa masupuni atatu akuluakulu, aliyense ali ndi kachingwe kukhosi.

"Nanga izi? Ndazipeza zikulendewera ku mapaipi. Ina kuchipinda chapansi, ina ku galaja, ina kuseri kwa chimbudzi. Ndatsuka."

"Misala ya mchimwene wanu imeneyo," Darla anatero. "Munthu kumangogogoda mapaipi otenthetsera nyumba, ngwe ngwe, ngwe ngwe, tsiku lonse. Ndikamufunsa akuti akumvera mpweya. Zaka zinayi ndikumuuza kuti mutu ukundiwawa."

Darla anabweza dilowa mwamphamvu mpaka mafoloko analira.

Anali wokwiya, ndipo sankabisa. Anakwiyira Merle, mwamuna wa zaka makumi anayi ndi zitatu, wosasuta, wosamwa, kungogwa m'galaja Loweruka masana ngati thumba la tirigu, mtima waima. Anakwiyira abusa chifukwa chonena kuti Mulungu amathyola maluwa okongola. Merle duwa? Munthu wa mimba ngati mgolo uja? Ndipo anakwiyira anzake a Merle, ozimitsa moto a m'tauni muno, alimi ndi amakaniko amene amasiya ntchito zawo belu likalira. Iwowo anachita mwambo wawo kumanda, monga amachitira akafa mnzawo. Anaimika galimoto yofiira pafupi ndi dzenje, nakweza wailesi mpaka kumapeto, ndipo mayi wa ku ofesi yoitanira anayamba: "Halvor kuitana nambala 14." Zii. "Halvor kuitana nambala 14." Zii, mphepo yokha. "Halvor kuitana nambala 14, a Merle Kautzman, yankhani." Kenako anati nambala 14 sakuyankha, ntchito yake wamaliza, apume. Zibambo zazikulu zinalira ngati makanda, bokosi likutsika. Darla anangoluma mano. Kuitana munthu amene nonse mukumuona kuti ali m'bokosi, ndi nzeru zimenezo? Tsiku lotsatira mkulu wawo, a Lyle, anabweranso chipewa chili m'manja kudzapempha kawailesi kamene Merle ankakoleka pa lamba. Anafufuza nyumba yonse, osakapeza.

Darla ananyamula dengu la zochapa natsika masitepe kupita kuchipinda chapansi. Pamwamba pa dengu panali shati ya Merle yogwirira ntchito, ikununkhabe girisi. Anaigwira, osadziwa ngati aichape kapena ayi.

"Amayi!"

Mawu anachokera m'mwamba, kuchipinda cha Nola. Darla anatsegula pakamwa, kenako anatseka. Tiyese nzeru za ku Bismarck, anatero mumtima.

"Amayi?"

Ulendo uno mawu anali ang'ono, onjenjemera kumapeto. Darla anaponya shati ija m'makina. Anathira sopo, nawaliza. Manja ake anali kuchita zinthu pang'onopang'ono ngati a munthu wina.

"Amayi, yankhani!"

Anawerenga mumtima. Chimodzi, ziwiri, zitatu, mpaka khumi. Panalibe kuitana kwachinayi. Waona, anadziuza, watopa.

Kenako pamwamba pa mutu wake panamveka phi, ngati chinthu cholemera chagwa, ndipo Arlene anakuwa mawu amene Darla anali asanawamvepo m'kamwa mwake.

Masitepe anawakwera bwanji, sakudziwa. Nola anali pansi m'kanjira kopita kukhitchini, atadzipinda, nkhope ili mbuu, milomo yotuwa. Ankapuma wefuwefu ngati galu wothamangitsidwa, koma mpweya sunkalowa. Dzanja lake linali litakwinya juzi pachifuwa, mbali ya kumanzere.

"Mtima," anatero. "Amayi, mtima."

Merle nayenso Darla anamupeza ali chimodzimodzi, dzanja pachifuwa, mbali yomweyo. Dokotala wa tsiku limenelo anali atamufunsa ngati matendawo ndi a ku mtundu, iye nayankha kuti sakudziwa.

"Ndiimbe foni! Ndiitane ambulansi!" Arlene ankazungulira pamalo amodzi.

"Muitane ndani? Ambulansi yake si ya a Lyle omwewo? Chokani panjira!"

Anamunyamula mwanayo, miyendo ikulendewera, namuponya pampando wa galimoto ya Merle. Chipatala chinali m'tauni ina, ulendo wa theka la ola. Msewu unali wowongoka ngati chingwe, minda ya tirigu yokololedwa mbali zonse, popanda nyumba, popanda munthu woti n'kumukuwira. Dzanja limodzi linali pa chiwongolero, lina litagwira mkono wa Nola, likufunafuna pamene magazi amagunda. Ankagunda mothamanga ngati kambalame kogwidwa.

"Puma, iwe. Puma! Usayerekeze. Wamva? Usayerekeze kundichita zimenezi."

"Ndikufa, amayi?"

"Khala chete, puma!"

Sanapemphere. Anangomuuza Mulungu kuti mmodzi wakwana.

Atafika kuchipatala mpweya wa Nola unali utayamba kubwerera, ndipo zimenezo zinamuopsa Darla koposa, chifukwa nkhalamba za kuntchito kwake nazo zimayamba zakhala bwino zisanatsirizike. Namwino anamuvula Nola juzi kuti amumate mawaya opimira mtima pachifuwa. Chinthu chakuda chinagwa kuchokera m'chiuno mwa mwanayo, n'kugubuduka pansi. Kanali kawailesi ka Merle. Pamimba pa Nola panali chidindo chofiira, pamene kanakhala kakumudinda masiku onsewa.

Nola anadumpha pabedi n'kukatola, mawaya akulendewera, nakafumbatira ndi manja awiri.

Dokotala anali mayi wamfupi wa imvi, dzina lake Renner. Anayang'ana pepala la mizeremizere nthawi yaitali, namvetsera pachifuwa kutsogolo ndi kumbuyo, kenako anamutengera Darla panja pa chitseko.

"Mtima wake uli bwinobwino, mayi. Chifukwa cha bambo ake tidzaupimitsanso ku Bismarck kuti tonse tigone tulo, koma chimene chamugwetsa lero si mtima. Ndi mantha. Mwana wanu ali ndi nkhawa yaikulu."

"Nkhawa?" Darla anaseka kuseka koipa. "Nkhawa ya chiyani? Ali ndi munda? Ali ndi banja? Ndamuona ndi maso angawa, milomo inatuwa. Musandipusitse chifukwa sindinapite patali ndi sukulu."

"Sindikukupusitsani. Ululuwo ndi weniweni, sakunamizira. Thupi likaopa kwambiri limachita zomwezo. Ana sanena kuti ndikuopa, mayi. Amati m'mimba mukupweteka. Amaluma zala. Amakutsatirani mpaka kuchimbudzi."

Darla anayang'ana pansi.

"Lero zinayamba bwanji?"

"Anaitana. Sindinayankhe."

"Simunamve?"

"Ndinamva."

Dokotala sanamudzudzule, ndipo zimenezo zinamuwawa kuposa kutukwanidwa. Anangolemba dzina la mayi wina amene amacheza ndi ana otere Lachitatu lililonse, namupatsa pepalalo.

"Mufunseni chimene akuopa. Osati chimene chikumupweteka. Ndipo akayankha zopusa, musaseke."

M'galimoto Darla analowetsa kiyi koma sanalize injini. Mphepo inkakankha galimotoyo pang'onopang'ono. Nola anali atakhala chowerama, kawailesi kali pamiyendo.

"A Lyle anagubuduza nyumba yonse kufuna kameneko."

Nola anakaphimba ndi manja.

"Sindikukalipira. Ndikanafuna kukalipa bwenzi utamva kale. Wakasungiranji?"

"Kuti akadzaitananso ndidzayankhe."

"Akadzaitana ndani?"

"Ababa. Nambala 14." Nola anayamba kukanda chala chake chabala. "Anaitana katatu kokha, amayi. Katatu kokha. Sanadikire n'komwe. Atangoti sakuyankha, basi anawatsitsa. Ine ndinali pomwepo. Ndikanati ali pano, koma pakamwa panakana."

Kumanda kuja Darla anali kalikiliki ndi mkwiyo wake, osayang'ana n'komwe kamunthu kovala diresi lakuda kamene kanaima pambali pake, kakuwerenga.

"Ndiye iwe umati munthu akaitanidwa katatu osayankha..."

"Inu lero simunayankhe."

"Mayo ine," Darla anatero. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. "Tamvera, Nola. Ndiyang'ane. Bambo ako anali atafa masiku asanu asanawaitane pa wailesi paja. Onse aja ankadziwa kuti sayankha. Ndi mwambo wawo wotsanzikana, mwambo wopusa, ndipo a Lyle ndikawauza pamaso. Ukanayankha iwe, ukanayankha ine, tauni yonse ikanayankha, sakanadzuka. Wamva?"

"Koma ku galaja ndi chimodzimodzi."

"Ku galaja kwatani?"

"Ndinaitana katatu. Sanagogode."

"Kugogoda chiyani?"

Nola anamuyang'ana ngati akufunsidwa dzina lake lomwe.

"Paipi. Ndikaitana, amagogoda kawiri. Ndiye kuti ndili pano. Akakhala pansi pa galimoto, kapena m'kamwa muli misomali, kapena ali kuchimbudzi, amagogoda. Paipi imafika mpaka kuchipinda kwanga. Anati chinthu chija chikabwera m'mimba ndisamalimbane nacho ndekha, ndizingoitana, ngakhale kahandiredi. Anati tisakuuzeni, mumatopa kuntchito."

Darla anakumbukira Loweruka lija. Anali akusenda karoti. Nola anabwera pakhomo la khitchini, maso ali tong'o, nati, "Amayi, ababa sakugogoda." Ndipo iye, osatembenuka n'komwe, anayankha kuti, "Zikomo Ambuye, tipumeko." Panapita mphindi khumi asanapite kukamuitana Merle kuti adzadye.

Anatsegula chitseko cha galimoto, nawerama kuti asanze, koma palibe chinatuluka. Anakhala choncho, mphepo ikumuomba kumaso, mpaka anamva kadzanja kakumukoka malaya kumbuyo.

"Amayi?"

"Ndili pano." Anatseka chitseko. Anapukuta kukamwa ndi mkono. "Unandiuza tsiku lija, ndipo ine sindinamve. Iwe unachita bwino. Wolakwa ndine. Adokotala anati ngakhale ndikanathamanga nthawi yomweyo sizikanathandiza, mtima unaima kamodzi ngati babu likapsa. Ndimawakhulupirira masiku ena. Koma iwe, iwe ulibe mlandu ngakhale pang'ono."

"Nanunso mudzafa?"

Bodza linali pafupi, lofewa, losavuta. Darla analiyang'ana, nalisiya.

"Ndidzafa, ee. Aliyense. Koma ndikufuna ndikafike pa msinkhu wa nkhalamba zanga zija, ndizikulavulira phala iweyo. Mtima wanga anaupima chaka chatha, akuti ndi wa ng'ombe."

Nola sanaseke, koma mapewa ake anatsika pang'ono.

"Azakhali akuti ndipita ku Bismarck."

"Wamva kuti?"

"Paipi imabweretsanso mawu."

"Hm. Nyumba ya akazitape," Darla anatero, naliza injini.

Anapeza Arlene ataima pakhonde popanda jekete, maso ofiira. Kumbuyo kwake, pafupi ndi chitseko, panali kachikwama ka Nola ka pinki, kotsekedwa kale.

"Ali bwanji? Akuti chiyani? Mwana wanga, bwera kuno!"

"Mtima uli bwino. Nola, pita kuchipinda kwako, tenga chikwama chakocho ukamasule."

Mwanayo atakwera, Arlene anayamba: "Alamu, mwaona nokha lero. Simungathe nokha. Nanga zikadzachitika muli kuntchito?"

"Zikadzachitika adzandiimbira, ndidzayankha, ngakhale phala lipserere. M'mawa ndizimusiya kwa mayi Odegaard a kutsidya kwa msewuku, anadzipereka kale. Lachitatu ndikupita naye kwa munthu wodziwa zimenezi. Mwana akuopa kuti akaitana sindiyankha, inu mukuti ndimutumize kumene sindingamve n'komwe?"

"Ine ndimafuna kuthandiza."

"Ndikudziwa. Nzeru yanu ija ndaiyesa, yatsala pang'ono kundiphera mwana. Koma woiyesa ndine, si inu, ndiye musalire."

Arlene analira ndithu. Anakhala pampando wa kukhitchini, nkhope m'manja. "Merle nayenso anali choncho," anatero pakati pa misozi. "Ali mwana. Ankasanza m'mawa uliwonse basi isanabwere. Bambo athu ankamutsekera panja kuti alimbe mtima."

Darla anaima, akumuyang'ana. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anagona bedi limodzi ndi mwamuna amene ankathamangira m'nyumba zoyaka moto, ndipo zimenezi sanazimvepo.

Anatsegula dilowa. Anatenga masupuni atatu aja. Imodzi anaiika patsogolo pa Arlene.

"Kabwezeni kuseri kwa chimbudzi, pamene munaichotsa."

Darla anatsika kuchipinda chapansi. Makina anali atamaliza kalekale, shati ya Merle ili m'kati, yoyera, yopanda fungo lililonse. Anaisiya momwemo. Paipi inkadutsa m'munsi mwa denga, pamwamba pa tebulo limene Merle ankakonzerapo zinthu. Inali yopakidwa penti yobiriwira kuchokera kukhoma mpaka kukhoma, kupatula malo amodzi. Pamenepo penti inali itatha, chitsulo chili poyera, chonyezimira, chopindikira m'kati pang'ono, malo aakulu ngati chikhatho cha mwana. Darla anapagwira ndi chala. Panali potentha.

Msomali unali pomwepo. Anakolekapo chingwe, koma mfundo yake inamasuka kawiri. Kachitatu inagwira.

Anadikira. M'mwamba munkamveka mapazi a Nola, kuchoka pa kabati kupita pa bedi, kubwereranso. Kenako mapazi anaima.

"Amayi?"

Mawu anali kale pakamwa pake. Anawameza. Anagwira supuni ija, mpini wake utapindika potengera dzanja lalikulu kuposa lake, nagogoda paipi kawiri.

Ngwe. Ngwe.

Kenako mapazi aja anayambanso kuyenda.